Phulusa pa Mzere wa Feteleza

Thumba lija lilipobe. Ndi la feteleza wobereketsa, malemba ake anafufutika kalekale, ndipo amayi salola aliyense kuyanikapo ufa. Ndisanayambe nditchuliretu mboni, chifukwa kwathu ku Wimbe anandipatsa kale mbiri ya bodza. Mboni yoyamba ndi amayi, ali moyo, ndipo nthabwala zanga saziseka. Yachiwiri ndi aphunzitsi anga a Sitandade 4, amene anapuma pa ntchito koma mkwiyo wawo sunapume nawo. Yachitatu ndi bambo wootcha kanyenya pa depoti, amene mpaka lero akaona galu amavula chipewa. Ndikanama liwu limodzi, kawafunseni.

Chinali chaka china cha makuponi, mvula isanagwe, fodya ali pa nazale, fumbi lofiira likulowa mpaka m'mano. Galu wanga Phulusa anali woonda moti masamu ophatikiza ndinaphunzirira pa nthiti zake. Masiku amenewo galu sankapatsidwa chakudya. Ankati akakhuta agona. Ukafuna kuti akhale waukali unkamumenya, kapena kumudyetsa tsabola. Ndiye Phulusa ankadzisakira yekha, ndipo tsiku lina anadzisakira mazira onse a nkhuku ya aphunzitsi.

Aphunzitsi anabweretsa makoko a mazirawo mu envulopu. Amayi sanatalikitse mlandu. Analoza mwala waukulu wa pakhomo, n'kunena kuti mawa galuyo amumangirire m'khosi, akamuponye m'chitsime chakale cha kudambo.

Amalume anali atangobwerako ku esiteti ina ya ku Lisasadzi, kumene anagwira ulonda zaka zambiri akuyenda ndi agalu a eni ake. Anali munthu wa mawu ochepa. "Mlongo, ndibwereke galuyu mpaka feteleza atuluke," anatero. "Akakhala chitsiru, mwalawo ndidzanyamula ndine."

Sukulu inatsegulidwa pansi pa mtengo wa mango. Zida zake zinali thumba lija ndi mitu ya usipa m'thumba la malaya a amalume, moti ntchentche zinkawaperekeza mpaka ku tchalitchi. Ankayala thumbalo pansi n'kudikira. Phulusa akangopondapo phazi, ankaimba kamluzu, n'kundiuza kuti ndimupatse mutu umodzi. Kenako mapazi awiri. Kenako matako. Iwo sankamulamula ayi. "Galu ndi wako, mawu akhale ako," ankatero. Tsiku limene ndinatopa n'kuthyola kamtengo, anandilanda mosakalipa. "Ndodo imaphunzitsa galu kuzinda ndodo, basi. Uzimuuza pamene wakhoza."

Mudzi unaseka mpaka kugwira m'mimba. Ankafunsa ngati yunifomu tagula. Aphunzitsi poitana mayina m'kalasi ankati akafika pa langa, ankafunsa ngati mnzanga wa miyendo inayi walemba homuweki. Ndinkangoti, "Walemba, sala," n'kulandira zikoti ziwiri. Sindinasinthe yankho teremu yonse.

Lero ku Lilongwe kuli anyamata ovala majombo amene amalipiritsa anthu kuti awaphunzitsire agalu, akulankhula nawo Chingerezi, n'kumati nzeruyi inachokera kunja. Bodza limenelo, ndipo akunena ndine. Inayambira ku Wimbe, kwa munthu wonunkha usipa, amene ankaitchula kuti ulemu.

Feteleza atafika pa depoti, mzere unkatha masiku. Wofuna kuchokapo ankasiya mwala kapena patapata wakutha kuti zimusungire malo, koma mavenda ogula makuponi a anthu ankangozimenya theche. Ife ana, mavendawo ankatikankha ngati miyala yomweyo. Amayi anataya malo kawiri, chifukwa nazale sidikira: ukapanda kuthirira tsiku limodzi, mbande zapsa. Amalume sakanaima pa mzere wa azimayi. Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, anandipatsa thumba lija. Phulusa anali wamwamuna, koma palibe anafufuza.

Ndinayala thumbalo pa malo a amayi n'kunena kuti, "Khala." Anakhala. Ndinafuna kubisala kuseri kwa golosale kuti ndizimuyang'ana, koma amalume anandikoka khutu. "Ukatsala pano ndiye kuti ukumunyoza." Tinapita kukatunga madzi, mtima wanga uli pa mwala wa pakhomo uja.

Zotsalazi ndi za mboni yanga ya kanyenya. Venda wina anabwera kuti amenye thumbalo theche. Phulusa sanauwe, anangomuonetsa dzino limodzi, la kumanzere. Vendayo anagula nyama n'kuiponya chapatali. Galu anaiyang'ana, dovu likutsika mpaka pansi panachita matope, ndipo chaka chotsatira pamalopo panamera tomato. Ndinadyako. Koma matako sanachoke pa thumba. Mzere ukasuntha, azimayi a kumbuyo ankakoka thumbalo ndi ngodya, iye ali pamwamba ngati bwana m'galimoto. Aphunzitsi atamva, anabwera pa njinga, n'kugula dzira lowiritsa, n'kuliika pakati pa mapazi ake. Phulusa anatembenuza nkhope n'kumayang'ana ku phiri.

Tinabwerera madzulo tili matope mpaka m'mawondo, n'kumupeza ali wachiwiri kuchokera pa zenera. Ndinaimba kamluzu. Anadya dzira lija pamaso pa aphunzitsi, mosafulumira, ndi chilolezo. Amayi anatuluka ndi matumba awo awiri. Titafika kunyumba anaima pa mwala uja kanthawi. "Uwu ukapsinjire denga," anatero. Ulipobe pa malata, mboni yachinayi.

Chimanga chathu chaka chimenecho chinakula moti pothyola tinkabwereka makwerero. Cha amalume chinali chachikasu, cholekeza m'chiuno. Anthu ankati mphunzitsi wa agalu walephera kuphunzitsa chimanga, ndipo ine, galu wanga ali pambali panga wonenepa, ndinkaseka nawo. Sindinadzifunsepo kuti usipa wa miyezi iwiri unkachokera kuti, m'banja limene ndiwo inali nkhwani yopanda mafuta. Dzina la amalume ndinalimva ndi makutu anga likuitanidwa tsiku logawa makuponi, koma thumba la feteleza sindinalione pakhomo pawo.

Titakolola, amayi anandisenzetsa dengu la chimanga, kenako lina, kenako lina, mpaka khosi langa linafupika, ndipo ndi lalifupi mpaka pano. "Kawapatse achimwene, usanene kanthu," ankatero. Amalume ankalandira osanena kanthu nawonso. Ine ndinkayenda monyada, Phulusa ali patsogolo, ndikuganiza kuti ndikukalipira fizi ya galu.