Katswiri wa ku Joni

Chaka chimene fodya wa abambo anabwezedwa kawiri ku okushoni, ndinati basi, ine wa ku Joni. Abambo, amene ndi mkulu wa mpingo kwathu ku Nambuma, sanakane. Anandipempherera, n'kundiperekeza pa njinga mpaka pokwerera galimoto, uku akundilangiza kuti ndisakawachititse manyazi.

Ntchito ndinaipeza m'sitolo ina momwe anthu ankalipira kuti agwiritse ntchito makompyuta. Yanga inali kusesa, kukolopa ndi kupukuta fumbi. Bwana wake sankalola kuti ndidine kalikonse. Koma akumudzi atandifunsa pa foni kuti ndikugwira ntchito yanji, pakamwa panandithamangira, ndinati ya makompyuta. Silinali bodza lonse, poti ndinkawapukutadi. Ndinajambulitsanso chithunzi nditakhala pampando wa bwana, ndipo amayi anachionetsa kwa anzawo onse a chigwirizano.

Zaka zisanu ndinagona m'kachipinda ka malata. Ndalama ndinkatumiza, zochepa koma mwezi ndi mwezi. Kuzizira ndinakuzolowera. Chimene sindinazolowere ndi Lamulungu masana, ukakhala wekhawekha popanda wokufunsa kuti kunyumba kwacha bwanji.

Sitolo itatsekedwa ndinabwerera, ndipo ndinapeza bodza langa litakula kundiposa. Pa msika pali kanyumba ka mabuku komwe amayang'anira aNambewe, mphunzitsi wopuma amene anandiphunzitsa sitandade 4. Kanyumbako kanali katalandira makompyuta anayi, sola ndi intaneti. Akomiti anawafunditsa zitenje milungu itatu, n'kulamula kuti asayatsidwe mpaka afike mwana wawo wa ku Joni. Alimi ankafuna kuona mitengo ya soya, atsikana awiri ankafuna kufunsira malo ku sukulu ya unamwino, ndipo onsewo ankadikira ine, wosesa.

Tsiku lotsegulira abambo anapemphera, zitenje zinavundukulidwa, amayi n'kululutira. Anandikhazika pampando, ine thukuta lili kamukamu. Poyatsira ndinkapadziwa chifukwa ndinkaona ena akudina. Kuchokera pamenepo ndinalibe kolowera.

ANambewe anandiyang'ana kamodzi kokha, monga ankayang'anira mwana amene wakopera masamu a mnzake. Anakoka mpando n'kukhala pambali panga.

"Aphunzitsi, ndiyeseko ine, inu muzindikonza ndikalakwa," anatero kwa ine mokweza. "Ndidina apa, eti?"

Ndinangogwedeza mutu. Anadina, n'kufunsanso, ine n'kugwedezanso. Pambuyo pake ndinamva kuti tsiku limene makinawo ankaikidwa, iwo anakakamira amisiri odzaika makinawo mpaka analemba chilichonse m'kope, ndipo m'mawa uliwonse ankavundukula chitenje chimodzi mobisa n'kumayeserera okha. Ine ndinakwera basi masiku awiri kukapukuta fumbi pa chinthu chimene mayi wa imvi anachidziwa m'milungu itatu ali kwawo. Mpaka lero ndikawaona akudutsa ndimavula chipewa.

Mitengo ya soya itaonekera, anthu anaomba m'manja, koma kuombera ine. Ndikanatha kukhala chete, poti mayiyo anali atandibisira kale manyazi. Koma zinandiwawa kuwaona akuomba nawo, akumwetulira, ulemu wawo atandiveka ine. Ndinaimirira.

"Pepani nonse. Ku Joni ndinkasesa. Amene akuwadziwa makinawa ndi aNambewe."

Wina kumbuyo anaseka, ndipo wapampando wa komiti anayamba kupinda zitenje ngati sanamve. Abambo sindinayerekeze kuwayang'ana. ANambewe anangotsegula kope lawo n'kulengeza kuti ofuna kuphunzira alembetse, maphunziro ayamba Lolemba, koma atsikana a unamwino atsale awathandize lero lomwe. Dzina langa analilemba okha pamwamba, osandifunsa.

Masiku atatu abambo sanandilankhule. Tinkakumana pabwalo, iwo n'kukhotera ku chigafa. Mumtima ndinayamba kuganizanso za basi ya ku Joni.

Lolemba ndinalawirira kuti anthu a pa msika asandione. Ndili pa benchi, maso pansi, ndinamva wina akukhosomola pakhomo, chifuwa chimene ndachidziwa chibadwire. Anali abambo, atavala jekete la ku tchalitchi, magalasi ali m'manja. Anapereka moni kwa aNambewe, nawapempha kuti awalembe nawonso. Malo analipo pa makompyuta ena atatu, koma anabwera pamene ndinali ine.

"Sendera," anatero. "Iwe uziwerenga Chingerezicho, ine ndizidina."