Gitala Yofiira ya a Mawaya

Mphekesera inayamba ndi wometa, ndipo pakamwa pa wometa, mukudziwa, sipakhala loko. Akuti a Mawaya, mkulu wokonza mawailesi uja, apeza kamtsikana, kamanzere. Umboni wake? Avula nsambo zonse pa gitala yawo yofiira n'kuzimanga chozondoka, yaikulu pansi, yaing'ono pamwamba. Kunena zoona nkhaniyo inkamveka ngati ili ndi mutu, poti nkhalamba ikayamba kuimba mluzu pa ntchito pamakhala kanthu.

Kuseri kwa shopu ya a Mawaya kuli kachipinda konunkha fumbi ndi waya wopserera. M'menemo apachikamo magitala amagetsi akalekale, ena aakulu msinkhu kuposa wometayo. Ina anaipeza bandi itapasuka, ina anaitola yothyoka khosi, ina anapatsidwa ndi m'busa amene nkhosa zake zinkadandaula kuti ikulira mwachikunja. Amawapukuta ndi malaya akutha, koma zipsera zake sapenta. Iliyonse imatsitsidwa n'kuimbidwa pa nthawi yake, chifukwa akuti gitala ukainyanyala nayo imanyanyala, khosi n'kupindika.

Ogula amabwera, ena ochokera kutali, n'kumawalangiza kuti asasinthe ngakhale kamsomali kamodzi, poti zinthu izi zikamakalamba m'pamene zimakwera mtengo. A Mawaya amawaimbira kanyimbo n'kuwasonyeza khomo. Ndiye munthu wotere akaisokoneze mfumukazi ya onsewo, yofiira ija? Anthu anati ndi chikondi basi, china n'chiyani.

Chimene chinkawawa anthu n'chakuti kunyumba kuli akazi awo, odwala. Chiwagwetsereni sitiroko, dzanja lamanzere linapinda zala, ndipo ankangokhala pazenera osalankhula zambiri. Achinyamata sankadziwa kuti mayi amenewa kale ankagwedeza maholo ndi gitala yofiirayo, pamene a Mawaya ntchito yawo inali kunyamula sipika ndi kumenyedwa ndi magetsi. Mayiwo atatuluka m'chipatala anayesa kukanikiza nsambo, zala zinakana. Anati, "Ichotseni, ndisadzaionenso." Chiyambire tsikulo sanasekepo, ndipo a Mawaya ankaona kuti munthu wawo akuzima ngati wailesi yotha mabatire.

Wometa analowa m'kachipinda muja ngati akufuna kubwereka pulayala. Anawapeza akupala ndi tupa kafupa kamene nsambo zimagonapo kumutu kwa gitala.

"Achimwene, mwaipha gitalatu. Ogula aja akamva adzakomoka."

"Akomoke, tiwathira madzi."

"Nanga mwini wakeyo ndi wokongola?"

"Kwabasi," anatero a Mawaya osadzutsa mutu. "Koma ngwaukali."

Mawu amenewo pofika masana anali atazungulira msewu wonse, atamera ndi miyendo yomwe. Choncho a Mawaya atatseka shopu dzuwa likadalipo, gitala kumsana, kasipika kumanja, wometa anasiya munthu mutu uli theka n'kuwalondola. Anadutsa pa telala, anakhota pa mpope, n'kuona mkuluyo akulowa m'nyumba yake yomwe. Wometa anakakamira pazenera.

A Mawaya anagwada n'kuika gitalayo pamiyendo pa akazi awo, khosi litaloza kumanja. Ankadziwa kuti ikakanidwa lero, ndiye kwatha.

"Ndinati chiyani ine?" anafunsa mayiwo.

"Munati musadzaionenso. Ndiye tsinzinani."

Mayiwo anayang'ana nsambo zija nthawi yaitali. "Mwaiwononga."

"Eya. Tsopano dzanja lamanja ndilo lizikanikiza. Laulesili lizingokanda."

A Mawaya anatulutsa m'thumba kapulasitiki kokandira nsambo, atakamangirira ku mphete yawaya, n'kuwaveka pachala chachikulu cha dzanja lodwalalo, pang'onopang'ono, monga anachitira tsiku la ukwati. Kenaka anayatsa sipika.

Kulira koyamba kunali kwa mphaka wopondedwa mchira. Kwachiwiri chimodzimodzi. A Mawaya maso anali pa zala. Mayiwo anasuntha chala, anakandanso, ndipo panatuluka liwu limodzi loyera, lonjenjemera, lotalika mpaka kukhitchini.

"Nsambo yachitatu yatsika," anatero mayiwo. "Zaka zonsezi, bambo inu, makutu akadali a wonyamula sipika?"

Ndipo anaseka, kukamwa kutapendekeka, misozi ili mbwembwembwe. A Mawaya anakunga nsamboyo.

Wometa anabwerera kukamaliza mutu uja. Kamtsikana kunalibe. Gitalayo a Mawaya anaitembenuzira akazi awo.