Mapepala amene ndinatumiza ku Biriwiri

Ndinasankha zopita ku Joni nditakhoza fomu folo koma osasankhidwira ku yunivesite. Pamasamu panalibe wondiposa kwathu ku Biriwiri, choncho ndinauza amayi kuti ndikungokasaka fizi, ndidzabwerera kusukulu.

Ntchito ndinaipeza mushopu ya fotokope pafupi ndi yunivesite ina. Kumabwera ana ophunzira fizikisi ya phata la atomu ndi tizidutswa take, aliyense ndi mulu wa zoti awerenge. Chaka chilichonse ankayamba ndi masamu okonzekera: kalikulasi, aljebura, masamu a mwayi. Ine ndinkawabayira mabowo m'mapepala awo n'kumanga ngati mabuku, mtima ukuwawa, poona ana onenepa akuyasamula pa zinthu zimene ine ndinkazilota. Mapepala otuluka mokhota abwana ankati nditaye. Ndinkawasonkhanitsa n'kutumiza kumudzi pakati pa mabulangete, ndi uthenga wakuti amayi andisungire m'thiranki. Kuwerenga komweko kunkandikanika. Ndikaweruka mutu unali utatopa, m'chipinda mulibenso woyankhula naye.

Mlongo wanga Tadala, amene ndinamusiya akulira ndi matebulo a masamu ochulukitsa, anatsegula thirankiyo. Anayamba kunditumizira zithunzi pafoni, kufunsa kuti chizindikiro chokhala ngati mbedzachi n'chiyani. Poyamba ndinkayankha monyadira. Kenako mafunso anandipitirira, ndinayamba kunamizira netiweki. Tsiku limene anandiuza kuti wasankhidwa kukaphunzira fizikisi yomweyo, ndinamutumizira ndalama ya sutikesi. Nsanje ndinali nayo, sindibisa.

Nditabwerera ndinapeza Tadala ali patchuthi, akukumba kachewere ndi amayi. Anandikumbatira n'kundithokoza, ndipo kuthokozako kunandipweteka kuposa mwano. Amayi pondionetsa kwa azimayi akumpingo anati wamkuluyu amapanga mabuku, wamng'onoyu ndiye amawerenga. Onse anaseka, nanenso ndinaonetsa mano.

Loweruka ndinapita kwa amalume, eni mbumba, kukawauza kuti fizi ndabwera nayo, ndikufuna kulembanso mayeso. Anandimvetsera mpaka kumapeto akusenda nzimbe. Sanakwiye, ndipo anandiyankha mokoma mtima ngati akundipatsa mphatso.

"Mphwanga, wophunzira tili naye kale pakhomo pano. Chimene chikusowa ndi mwamuna wolima munda wakumtunda uja."

Ndinayang'ana Tadala, amene anandiperekeza, kuti andiyankhulireko. Anayang'ana pansi.