Fifite-fifite ya bowa wa ku Luwawa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene tinasamuka ku Ntcheu, bambo atapeza ntchito yocheka matabwa ku Luwawa. Kumeneko ndi kumene ndinayamba kumva mawu akuti fifite-fifite. Ocheka matabwa ankawatchula pogawana chilichonse, kaya ndi ndudu, kaya chinangwa chootcha. Nditafunsa chifukwa chake anthu awiri okha azitchula fifite, bambo anati Azungu amawerenga chinthu chathunthu ngati handiredi, ndiye theka lake ndi fifite.

Mvula itagwa, ndinapangana fifite-fifite ndi Tiwonge, mtsikana wa m'mudzi wapafupi. Tinkakazula bowa kuseri kwa mapaini, kumene kunatsala mitengo ya masuku. Iye ankamudziwa bowa. Ine ndinali ndi maso akuthwa ndi miyendo yopepuka basi. Pobwerera tinkakhuthulira yense pachitenje. Tiwonge ankatola mmodzimmodzi, kumutembenuza, kumununkhiza, wina n'kumuponya patchire. "Uyu muheni chomene, wakutaya," ankatero m'Chitumbuka, kutanthauza kuti ndi woipa. Wotsalayo ankamuunjika milu iwiri, ine n'kusankha.

Zinkandiwawa mumtima. Wozula kwambiri ndinali ine, komanso wotayidwa wambiri anali wanga. Tsiku lina ndinapeza bowa anayi akuluakulu, oyera mbee, ndipo ndinawabisa m'thumba la diresi. Kunyumba ndinawasakaniza ndi gawo langa. Amayi anaphika osayang'ana kawiri, poti ankakhulupirira maso a Tiwonge.

Tonse tinasanza, koma mng'ono wanga Chisomo, wa zaka zinayi, anafooka mpaka khosi kulephera kuimika mutu. Anamukweza pa lole ya matabwa kupita naye kuchipatala ku Mzimba Boma. Bambo atabwerako patapita masiku awiri, anzawo anawafunsa za mwana. "Adokotala akuti ndi fifite-fifite," anayankha choncho, maso ali pansi. Apo ndinadziwa kuti mawu omwewo amanenedwanso kwa munthu amene ali pakati pa moyo ndi imfa.

Mlandu unagwera Tiwonge. Chisomo atachira, Tiwonge anabwera kwathu n'kugwada patsogolo pa amayi. "Amama, bowa amene ndinagawa ine anali wabwino chomene. Ndapota, mufunseni Mercy." Amayi anatembenukira kwa ine. Ndinagwidwa ndi mantha, ndipo ndinati sindikudziwa kanthu. Tiwonge anadzuka, nasasa fumbi m'maondo, ndipo sanapondenso pakhomo pathu.

Lero ndikudziwa kuti ndinkawerengera molakwika. Ndinkaona bowa amene ndazula, osaona kuti ntchito yaikulu ya mnzangayo inali kutaya. Chisomo tsopano ndi mayi wa ana atatu ku Mzimba Boma, ndipo bowa sadya. Ana ake akamufunsa, amawauza kuti mtsikana wina wa ku Luwawa, Tiwonge, anatsala pang'ono kumupha. Sanama. Dzina lokha ndi limene amalakwitsa, ndipo ine sindinamukonzepo.