Sizasi ya Mayi Telala

Chisanu chikangoyamba, mayi telala ankakanda ufa watirigu, n'kuudula timizere toponya mu supu wankhuku. Ankadula ndi sizasi yosokera basi, mpeni ayi.

Atadwala sitiroko, dzanja lamanja linafa. Mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga.

"Amayi, simungathenso kudziphikira. Tiyeni kwathu."

Amuna awo, munthu wosayankhulayankhula, anangoyang'ana.

"Abambo, mungokhala ndwii? Ndigwirireni ufawu," anatero mayiwo.

Mayiwo anadula ndi dzanja lamanzere, thukuta lili kamukamu. Timizere tinatuluka tokhotakhota, koma supu anapsa. Mwana uja anamaliza mbale ziwiri.

"Ndiye umati ndani sangaphike?"

Mwanayo anabwerera yekha m'mawa mwake.

Aka kanali komaliza amunawo kuona sizasi ija ikudula ufa. Mayi telala anadzatsikira kulichete chisanu china chisanafike, ali m'nyumba yawoyawo.