Poto wa mu kabati ya apongozi

Lilime la mwana wanga wamkulu linali lakuda. Ndinaliona akuyasamula, titangomwa thobwa. Wamng'onoyo anali atasanza kale kawiri. Ndinalawanso thobwalo pang'onopang'ono, ndikumva ngati ndikunyambita msomali. Ndinathamangira kukasuzumira m'chidebe: m'mbali monse dzimbiri, pansi mizere yakuda.

Nthawi imeneyo ndinali pachitengwa, kwa Mlonyeni. Chidebecho chinali theka la mgolo umene amuna anga anagula kwa oyendetsa mathiraki ku boda. Unkanyamula chiyani kale, palibe ankadziwa. Apongozi ankasungiramo thobwa mpaka lisase.

Tsiku la msika ndinabereka wamng'ono, wamkulu pa kaliyala wa njinga, ulendo kwa Kamwendo. Kuchipatala anatipatsa mapaketi a Thanzi ORS, kenako ndinapita kwa achimwene anga owotcherera zitsulo, thobwa lili m'kabotolo. Ananunkhiza, nkulavula.

"Iwe, ukufuna kuwotcherera ana m'mimba? Ntchito imeneyo ndi yanga!"

"Achimwene, musaseke."

Anasiya. Anatola chikwanje ndi supuni yonyezimira. Zonsezi ndi chitsulo, anatero, koma chakudachi anangochisakaniza ndi kaboni, ngati wa m'makala. N'cholimba, chimanoleka bwino, koma madzi ndi zowawasa zimachidya, ndiye chodyekacho mumamwa ndinu. Chonyezimirachi anathiramo chitsulo china, kolomiyamu, chimene chimayala kakhungu kosaoneka pamwamba. Ukakanda, kamabwereranso kokha.

Ine sukulu ndinalekera pulayimale, kolomiyamu sindikumudziwa nkhope. Koma poto wotero ndinkamudziwa. Anali mu kabati ya apongozi, kuseri kwa galasi, wamkulu, wochokera ku Chipata. Anandipatsa ine azakhali anga paukwati, apongozi nkumutenga kuti ndi wa alendo. Alendo akewo sanabwerepo. Ankangomupukuta Loweruka lililonse.

Nditafika sindinakhale pansi. Ndinagwada pakhomo pa apongozi.

"Amayi, ndabwerera poto uja."

"Kwabwera ndani?"

"Palibe. Ndi wa thobwa la ana."

"Thobwa? Mu poto ameneyo? Mwayamba chizungu, apongozi! Bambo a ana anuwo anakula ndi zidebe zomwezi, simukuwaona kunenepa?"

"Iwowo anakula. Angawa akusanza."

Ndinadzuka, ndinatsegula kabati ndekha, mbale zikulira. Alamu anga aakazi anaseka pakhonde kuti dona wa ku boma wafika. Apongozi anati akanena kwa ankhoswe. Ndinati akanene, ine ndikanyamula mgolowo pamutu, ankhoswewo akayambe ndi iwo kumwa.

Ndinkadziwa kuti ndikangopita kumunda chidebe chidzabwerera pamalo pake. Ndiye ndinachigubuduzira pabwalo, thobwa lonse khuthu, nkhuku zikuthamangira. Ndinatenga nkhwangwa ya amuna anga, nkuchiboola pansi. Ndinabwerezanso pambali, mpaka kuwala kunalowa.

"Musungiremo chimanga cha nkhuku, amayi," ndinatero. "Za m'kamwa mwa ana anga ayi."