Maliro a Mzungu Wosamudziwa

Chaka chimene ku migodi analamula kuti aliyense abayitse katemera wa korona, amuna anga anakana, ntchito n'kuthera pomwepo. Ankangokhala pa sofa kunyumba kwathu ku Balga, kuno kudziko la azungu, maso pa foni. Ine pochokera kuntchito yosamalira okalamba ndinkawapeza akumvetsera azungu ena olalikira mokalipa, mtanda kumbuyo, mbendera pambali, ati dziko ndi la Akhristu okha ndipo liwomboledwa ndi magazi. Anthuwo sindinkawakhulupirira ngakhale pang'ono. Ndinkaopa kuti andilanda mwamuna ine ndikuona.

Tsiku lina amuna anga anati, "Mayi, kwagwa zovuta. M'bale wathu waphedwa chifukwa cha Yesu. Itanani azimayi a kwaya timuimbire."

"Ndi wa kwa yani?" ndinafunsa.

"Wa dziko lina, simungamudziwe. Amuwombera pa zionetsero."

"Nanga iyeyo m'manja anali ndi chiyani, Baibulo?"

Anangoti mafunso achuluka. Ndinakayika ndithu, koma Mmalawi ukangomutchulira maliro nzeru zimathawa. Paja maliro n'kulirana. Tinavala zitenje ndi maduku, ena anachokera mpaka ku Canning Vale, tinakhala pansi m'galaja, masiki ali pachibwano, n'kuyamba nyimbo zathu zachisoni. Mayi wina mpaka anagwetsa misozi, kulirira munthu amene ngakhale woti awerenge mbiri yake panalibe. Amuna anga ankangotizungulira ndi foni, akujambula.

Sabata isanathe, mnzanga wa kuntchito anandionetsa kanemayo pa tsamba la pa intaneti la azungu olalikira aja. Nkhope yanga, kukamwa yasa, pafupi ndi chithunzi cha malemuyo atakolekera mfuti paphewa. Pamwamba analemba kuti ngakhale anthu akuda akulira ngwazi yawo. Pansi ena ankati tikamaliza kuimba tikwere ndege tizipita kwathu. Manyazi anandigwira, mtima unandipsa.

Nditafika kunyumba ndinatsegula tsambalo pa foni yanga n'kuwaikira amuna anga pamphuno. Anawerenga zonse mwakachetechete, kenako nkhope inawala.

"Taonani kuchuluka kwa anthu amene aonera! Loweruka akufuna ina."

"Bambo, ine ayi. Amenewa si abale anu."

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Ndili m'khitchini ndinkawamva akuimbira foni azimayi a kwaya mmodzimmodzi, kuwauza mwachifundo kuti ine ndabwerera m'mbuyo, azindipempherera.